"Zigawenga za Chisilamu": mafunso ndi mayankho pa mawu omwe atsogoleri akhala akukanganirana

Bomba likaphulika pamsika, kapena mfuti zikalira m'nyumba yopemphereramo, mtsogoleri wa dziko amayenera kuima pamaso pa atolankhani n'kunena kuti achita izi ndani. Mawu awiri kapena atatu omwe amasankha pa nthawi imeneyo akhala akuwaponyeretsa Chichewa andale a ku America, Britain ndi France kwa zaka zoposa 20. Ena amati mtsogoleri wozemba kutchula chipembedzo ndi wamantha. Ena amati wochitchula akupereka chipembedzo chonse m'manja mwa ambanda. Ife nkhanizi zimatipeza pa wailesi ndi pafoni zitamasuliridwa kale, ndipo pomasulirapo ndi pomwe ine ndimaona ngozi yaikulu.

Kodi mkanganowu unayamba liti?

Unakula pambuyo pa 11 Seputembala 2001, tsiku lomwe anyamata 19 a gulu la al-Qaeda analanda ndege zinayi ku America n'kupha anthu pafupifupi 3,000. Patapita masiku asanu, pulezidenti George W. Bush anatchula nkhondo yomwe ankaikonzekera kuti "crusade". Kwa munthu wa ku America liwuli lingathe kungotanthauza ntchito yoikirapo mtima. Kwa Mwarabu limakumbutsa magulu ankhondo a Akhristu a ku Ulaya omwe analanda Jerusalem m'chaka cha 1099, mtanda uli pa zovala zawo. Liwu limodzi lomwelo linamveka ngati kulengeza nkhondo ya zipembedzo. Mawa lake Bush analowa mu mzikiti wa ku Washington n'kunena poyera kuti Chisilamu ndi mtendere.

Mwezi womwewo asilikali a America anasintha dzina la nkhondo yawo ya ku Afghanistan. Poyamba inali "Infinite Justice", kunena kuti chilungamo chopanda malire, koma atakumbutsidwa kuti kwa Msilamu chilungamo chotere ndi cha Mulungu yekha, anaitcha "Enduring Freedom". Bush sanakhazikike pamodzi. Mu Ogasiti 2006, apolisi a ku Britain atagwira anthu omwe ankafuna kuphulitsa ndege ndi mabomba amadzimadzi (n'chifukwa chake pabwalo la ndege amatilanda mabotolo a madzi), iye anatchula adaniwo kuti "Islamic fascists", kunena kuti atsamunda ankhanza a Chisilamu. Asilamu ambiri anakwiya, ndipo mawuwo sanakhalitse pakamwa pake.

N'chifukwa chiyani pulezidenti Barack Obama ankakana kunena kuti "radical Islam" (Chisilamu choopsa)?

Obama anali ndi zifukwa zitatu, ndipo ankazibwereza nthawi zambiri. Choyamba, ankati magulu ngati al-Qaeda ndi ISIS (gulu la zigawenga la ku Iraq ndi Syria, lomwe ena amalitchula ISIL) amalakalaka kuoneka ngati oimira Asilamu onse, ndiye pulezidenti wa America akawatchula ndi dzina la chipembedzo ndiye kuti wawaveka ufumu womwe akuufuna. Pa 10 Seputembala 2014 anauza dziko lake kuti gulu la ISIL si la Chisilamu, poti palibe chipembedzo chomwe chimalola kupha osalakwa, komanso ambiri mwa ophedwa ndi gululi ndi Asilamu. Mu Febuluwale 2015 anati America sili pa nkhondo ndi Chisilamu, koma ndi anthu omwe apotoza Chisilamu.

Chachiwiri chinali cha nkhondo yeniyeniyo. Omwe ankamenyana ndi ISIS pansi, khomo ndi khomo ku Mosul (Iraq) ndi ku Raqqa (Syria), anali asilikali a Iraq, Akurdi ndi Aarabu, ambiri mwa iwo anthu oswali kasanu pa tsiku. Munthu sungamupemphe kuti akafe pambali pako uku ukutchula mdani ndi dzina la chipembedzo chake. Chachitatu chinali cha kwawo: apolisi amadalira makolo, mashehe ndi anansi kuti awatsine khutu mnyamata akayamba kusochera, ndipo anthu omwe akudziona ngati oganiziridwa onse salankhula.

Mkanganowu unafika pachimake mu Juni 2016, munthu wina yemwe analumbira kuti ali pambuyo pa ISIS atapha anthu 49 pa malo achisangalalo a Pulse ku Orlando. Donald Trump, yemwe ankapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti, anati Obama atule pansi udindo chifukwa chosatchula mawu aja. Patapita masiku awiri Obama anayankha mtima uli m'mwamba. Anafunsa kuti kutchula dzinalo kusintha chiyani: kodi kubweretsa asilikali ena, kodi kuchititsa ISIS kuleka kupha? Hillary Clinton, wa chipani chake chomwe, anati iye alibe vuto kunena kuti "radical Islamism".

Nanga omwe ankamutsutsa, alibe mfundo?

Ali nayo, ndipo si chilungamo kuwatenga onse ngati odana ndi Asilamu. Mfundo yawo ndi yakuti matenda obisa sachira. Abu Bakr al-Baghdadi, mtsogoleri wa ISIS, sanaime pa bwalo la zamasewero pomwe ankadzionetsa ngati khalifa, kunena kuti mtsogoleri wa Asilamu onse, mu Julayi 2014. Anaima pa gome la mzikiti waukulu wa al-Nuri ku Mosul. Gulu lake linkalemba malamulo, kugulitsa akazi a mtundu wa Yazidi ngati akapolo ndi kudula anthu mitu likutchula mavesi ndi mbiri ya chipembedzo. Anyamata omwe ankachoka ku London kapena ku Tunis kupita ku Syria ankakhulupirira kuti akupita kukatumikira Mulungu. Mtsogoleri akati zonsezi sizikukhudzana n'komwe ndi chipembedzo, anthu amaona kuti akuwanamiza, ndipo amakamvera wandale wina yemwe akulankhula mosapsatira, ngakhale wosapsatirayo akhale wofesa chidani.

Chitsanzo chomwe amachitchula kawirikawiri ndi cha ku Fort Hood, ku Texas. Mu Novembala 2009 msilikali wa udindo, Nidal Hasan, anapha anthu 13 pa malo a asilikali. Zinadziwika kuti ankalemberana ndi mlaliki wa al-Qaeda, Anwar al-Awlaki. Koma unduna wa zachitetezo unaika nkhaniyi m'gulu la ziwawa za pa ntchito, ngati kuti munthu anangokangana ndi bwana wake. Ovulala ndi abale a ophedwa anamenyera zaka zingapo, ndipo ulemu womwe amapatsa msilikali wovulazidwa ndi mdani anaulandira mu 2015, nyumba ya malamulo itasintha lamulo. Apa ine ndili mbali ya odandaulawo. Kufewetsa mawu mpaka kufika pokana zooneka ndi maso kumapweteka ofedwa kachiwiri.

Palinso Asilamu ena omwe amati kuzemba kutchula vutoli kumawasiya okha. Iwo ndi omwe akulimbana ndi alaliki oopsa m'mizikiti mwawo, ndipo mtsogoleri wa kunja akati vutolo kulibe, amawadula miyendo.

Ku France anayesa njira ya pakati. Mu Januwale 2015, anthu 12 ataphedwa pa chiwembu cha ku nyuzipepala ya Charlie Hebdo, nduna yaikulu Manuel Valls inauza aphungu kuti France ili pa nkhondo ndi uchigawenga komanso ndale zoopsa zodzitamira Chisilamu, koma sili pa nkhondo ndi Chisilamu kapena Asilamu. Mmodzi mwa ophedwa tsiku limenelo anali wapolisi Ahmed Merabet, Msilamu.

Kodi "Islamic" ndi "Islamist" n'zosiyana? Mu Chichewa zimamveka chimodzimodzi.

Apa ndi pomwe pagona nkhani kwa ife. Mu Chingerezi "Islamic" ndi chilichonse cha Chisilamu: sukulu, ukwati, banki, kalendala. "Islamist" ndi munthu kapena gulu lofuna kuti boma ndi malamulo a dziko aziyendera kumasulira kwawo kwa Chisilamu. Loyambalo likunena chipembedzo, lachiwirilo likunena ndale. Ngakhale pakati pa a ndale zoterezi, si onse ogwira mfuti: chipani cha Ennahda ku Tunisia chinalowa m'boma kudzera pa chisankho mu 2011. Atsogoleri ngati Theresa May, nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo, yemwe pambuyo pa chiwembu cha pa London Bridge mu Juni 2017 anadzudzula "Islamist extremism" n'kunena kuti ndi kupotoza Chisilamu, amatsamira pa zilembo zitatu zomalizirazo, "ist", kuti alekanitse wakupha ndi wopemphera.

Chichewa chilibe zilembo zitatuzo. Womasulira nkhani, nthawi itamuthera, amatenga mawu onse awiri n'kuwasandutsa "za Chisilamu". Kusamala konse komwe mtsogoleri uja anachita kumathera pa tebulo la womasulira, ndipo chomwe chimafika m'khutu mwa agogo kumudzi ndi chakuti Chisilamu chili ndi zigawenga zake.

Ndinaziona ndekha mu Malichi 2021, m'minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Zomba. Wailesi inkawerenga za chiwembu cha ku Palma, ku Mozambique, ndipo wowerengayo anati "zigawenga za Chisilamu zapha anthu ambiri". Pambali panga panali mayi wovala hijabu, atanyamula kontena ya phala yokulunga m'chitenje. Bambo wina kumbuyo anaseka n'kunena kuti, "Mwamva mayi? Anzanu aja ayambanso." Mayiwo anatembenuka pang'ono n'kuyankha motsitsa mawu: "Bambo, ine ndikupita kuchipatala, mwana wanga wagonekedwa. Anzanga ndani?" M'galimoto munangoti zii. Kondakitala anapitiriza kutolera ndalama, ndipo mayiwo anagwira kontena yawo ndi manja awiri mpaka potsika. Bambo aja sanapeke okha mawuwo. Anawalandira kuchokera pa wailesi, atakonzedwa kale.

ISIS, ISIL, Islamic State, Daesh: bwanji gulu limodzi lili ndi maina onsewa?

Gululi linkadzitcha boma la Chisilamu la ku Iraq ndi al-Sham, dera lomwe ena amalimasulira kuti Syria ndipo ena Levant. Apo ndi pomwe panachokera ISIS ndi ISIL. Pa 29 Juni 2014 linafupikitsa dzina n'kukhala "Islamic State", kutanthauza kuti ndilo boma la Asilamu onse a pa dziko lapansi. Vuto linali lakuti aliyense wotchula dzinali ankakhala ngati akuvomereza zinthu ziwiri zomwe ankazikana: kuti ndi boma, komanso kuti ndi la Chisilamu.

Daesh ndi zilembo zoyamba za dzina lomwelo mu Chiarabu, ndipo m'kamwa mwa Aarabu limamveka monyoza. Gululo linkadana nalo kwambiri. Mu Seputembala 2014 nduna ya zakunja ya France, Laurent Fabius, inapempha atolankhani kuti azinena Daesh. Ku Britain, anthu 38 ataphedwa pa gombe la Sousse ku Tunisia mu Juni 2015, 30 mwa iwo a ku Britain, David Cameron, nduna yaikulu pa nthawiyo, anadzudzula BBC chifukwa chonena "Islamic State", ndipo aphungu oposa 100 analembera wailesiyo kalata. BBC inakana kusintha, ponena kuti siingatenge dzina lopekedwa ndi mbali imodzi, koma inkawonjezera mawu osonyeza kuti gululo limangodzitcha lokha choncho. Mu Disembala 2015 Cameron analengeza kuti boma lake lizinena Daesh.

Kwa ife, njira ya BBC ndi yosavuta kuitengera: "gulu lodzitcha Islamic State". Liwu lakuti "lodzitcha" limagwira ntchito yonse.

Asilamu eni ake amawatchula chiyani anthu amenewa?

Funsoli andale a ku Ulaya ndi America salifunsa kawirikawiri, chonsecho yankho lake ndi lakale kuposa mayiko awo ambiri. Liwu lake ndi Khawarij, kunena kuti otuluka. Linali gulu lomwe linagalukira khalifa Ali pambuyo pa nkhondo ya ku Siffin m'chaka cha 657. Linkaphunzitsa kuti Msilamu wosagwirizana nalo wasanduka kafiri ndipo magazi ake ndi ololedwa. Mmodzi wa iwo anabaya Ali mu mzikiti wa ku Kufa mu 661. Shehe akatchula gulu kuti Khawarij, wophunzira aliyense wa ku madrasa amamva kulemera kwake: awa ndi aja opha Asilamu anzawo m'dzina la Mulungu.

Mfumu Abdullah II ya ku Jordan imagwiritsa ntchito liwuli kawirikawiri. Mu 2022 boma la Somalia linalamula kuti al-Shabaab, dzina lomwe limangotanthauza achinyamata, izitchedwa Khawarij, ndipo mu 2024 boma la Pakistan linachita chimodzimodzi ndi gulu la Taliban la m'dziko lawo. Mu Seputembala 2014 akatswiri a chipembedzo oposa 120 analembera al-Baghdadi kalata yaitali, kumutsutsa mfundo ndi mfundo kuchokera mu Qur'an ndi Hadith momwe.

Onani kuti anthu amenewa sakunena kuti nkhaniyi ilibe chipembedzo mkati. Akuitsutsa ngati chiphunzitso chopotoka, pogwiritsa ntchito mawu a m'nyumba. Ali ndi chifukwa chowawidwira mtima, poti maliro ambiri ndi awo: ana asukulu oposa 130 ku Peshawar mu Disembala 2014, opemphera oposa 100 mu mzikiti waukulu wa ku Kano mwezi wam'mbuyo mwake, anthu oposa 500 ku Mogadishu mu Okutobala 2017, ndi oposa 300 pa swala ya Lachisanu mu mzikiti wa al-Rawda ku Sinai mu Novembala chaka chomwecho.

Kodi zigawengazo zimalabadira zomwe tikuzitchula?

Kwambiri. Makalata omwe asilikali a America anawapeza m'nyumba ya Osama bin Laden, mtsogoleri wa al-Qaeda, ku Abbottabad, m'dziko la Pakistan, mu 2011 anasonyeza kuti ankaganiza zosintha dzina la al-Qaeda. Dzinali limangotanthauza maziko, ndipo iye ankadandaula kuti lilibe fungo la chipembedzo, choncho adani ake ankatha kunena kuti akumenyana ndi kagulu chabe, osati Chisilamu. Ankafuna dzina lomwe Msilamu akalimva adzimve kuti ndi lake.

ISIS nayo inalemba poyera m'magazini yake ya Dabiq, kumayambiriro kwa 2015, kuti cholinga chake ndi kufafaniza malo a pakati, pomwe Msilamu amakhala mwamtendere ndi mnansi wake wa chipembedzo china. Inkafuna kuti ziwembu zake zichititse Azungu kuda Asilamu onse, kuti Msilamu wa ku Paris kapena Birmingham asowe kolowera n'kuthawira kwa iwo.

Malo a pakatiwo alipo, ndipo anthu amawafera. Mu Disembala 2015 al-Shabaab inaimitsa basi pafupi ndi Mandera, ku Kenya, n'kulamula kuti Asilamu apatuke, Akhristu atsale. Asilamuwo anakana, ndipo amayi ena anabwereka anzawo achikhristu mipango yofunda kumutu. Mphunzitsi Salah Farah, Msilamu, anawomberedwa pomwepo ndipo anamwalira mwezi wotsatira.

Nanga liwu lakuti jihad?

Mu Chiarabu limatanthauza kulimbikira kapena kulimbana pa njira ya Mulungu. Lingathe kunena za kulimbana ndi zilakolako za mtima wako, lingathenso kunena za nkhondo, yomwe m'malamulo a Chisilamu ili ndi malire ake okhudza woilengeza ndi osayenera kuphedwa. Mu 2010 John Brennan, mlangizi wa Obama pa zauchigawenga, anati boma silizitchula adani ake ndi liwuli, poti kutero n'kuwapatsa ulemu womwe sayenera. Otsutsa anati zigawengazo zimadzitchula zokha choncho. Atolankhani ambiri anakhazikika pa liwu lakuti "jihadist", lomwe nalonso mu Chichewa lilibe mnzake.

Bwanji wakupha akakhala Mkhristu chipembedzo chake sichitchulidwa?

Dandaulo limeneli ndi loona. Joseph Kony wa ku Uganda ankati akufuna kulamulira dziko potsatira Malamulo Khumi, ndipo gulu lake la Lord's Resistance Army linaba ana masauzande ambiri ndi kudula anthu milomo ndi makutu. Sindinamvepo wailesi ya kwathu ikunena kuti "zigawenga za Chikhristu". Tonse tinkadziwa kuti Kony saimira mpingo wa agogo athu, ndipo tinkamutchula ndi dzina la gulu lake. Zomwe Asilamu akupempha ndi muyeso womwewo.

Anders Breivik atapha anthu 77 ku Norway mu Julayi 2011, m'maola oyamba olankhula ambiri pa kanema analoza chala magulu a Chiarabu, kenaka kunapezeka kuti ndi mzungu wodana ndi Asilamu. Mu Juni 2015 mnyamata wachizungu anapha anthu akuda 9 mu tchalitchi cha ku Charleston, ndipo kunabuka mtsutso ngati zimenezo zinali uchigawenga kapena ayi. Ku New Zealand zinayenda mosiyana. Anthu 51 ataphedwa m'mizikiti iwiri ya ku Christchurch pa 15 Malichi 2019, nduna yaikulu Jacinda Ardern inanena tsiku lomwelo kuti ichi ndi chiwembu cha uchigawenga, ndipo kenaka inalonjeza kuti dzina la wakuphayo silidzatuluka pakamwa pake.

Trump atalowa m'boma n'kuwatchula mawu aja, chinasintha n'chiyani?

Anawatchuladi pa mwambo womulumbiritsa pa 20 Januwale 2017, n'kulonjeza kuti "radical Islamic terrorism" adzaifafaniza pa dziko lapansi. Patatha sabata imodzi analetsa nzika za mayiko 7 a Asilamu ambiri kulowa m'dziko lake. Koma mlangizi wake wa zachitetezo, H.R. McMaster, msilikali yemwe anamenya nkhondo ku Iraq, anamveka akuuza antchito ake kuti mawuwo sathandiza. Mu Meyi 2017, ataima pamaso pa atsogoleri a mayiko a Asilamu ku Riyadh, Trump sanawatchule momwe ankawatchulira pa misonkhano ya kampeni. Mosul inalandidwa m'manja mwa ISIS mu Julayi 2017, pa nkhondo yomwe inayamba Obama akadali pa mpando, ndipo omwe anakhetsa magazi ambiri anali asilikali a Iraq.

Kodi zimenezi zikutikhudza bwanji ife kuno?

Tayang'anani ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique. Pa 5 Okutobala 2017 anyamata a mfuti ndi zikwanje anaukira mapolisi ku Mocímboa da Praia. Anthu a kumeneko ankawatchula kuti al-Shabaab, ngakhale kuti si gulu la ku Somalia lija. Boma la Mozambique kwa nthawi yaitali linkawatchula mu Chipwitikizi kuti "malfeitores", kunena kuti ochita zoipa, ngati kuti ndi akuba wamba. Chonsecho atsogoleri a Chisilamu a m'deralo anali atachenjeza kale akuluakulu a boma, zaka zingapo m'mbuyomo, kuti kwabuka kagulu kolowa mu mzikiti ndi nsapato, kokaniza ana kupita ku sukulu za boma, konyoza mashehe akale. Chenjezo lawo silinamveke mokwanira. Apa dzina lofewa linachedwetsa zinthu, ndipo omwe ankafuna kuti vutolo litchulidwe moona anali Asilamu.

Mu Epulo 2020, mwezi womwe apolisi analengeza kuti achinyamata 52 aphedwa m'mudzi wa Xitaxi chifukwa chokana kulowa gululo, boma linayamba kunena za zigawenga zochokera kunja zogwirizana ndi Islamic State. Mu Malichi 2021 America inalemba gululo pa mndandanda wa zigawenga ndi dzina lakuti ISIS-Mozambique, ndipo pa 24 mwezi womwewo gululo linaukira Palma. Kampani ya TotalEnergies inaimitsa ntchito yake ya gasi ya ndalama pafupifupi 20 biliyoni za America. Asilikali a Rwanda ndi a SADC anafika mu Julayi 2021, ndipo mu Januwale 2022 atsogoleri a SADC anakumana ku Lilongwe n'kuwonjezera nthawi ya asilikali awo. Chakumapeto kwa 2021 ziwembu zinali zitafika ku Niassa, chigawo chomwe chagundana ndi Malawi.

Koma dzina latsopanolo nalo lili ndi chomwe limaphimba. Ukati "zigawenga zochokera kunja", suyankhanso chifukwa chomwe mnyamata wobadwira m'mbali mwa nyanja ya Cabo Delgado anatengera chikwanje. Sukambanso za ulova m'dera lomwe pansi pake pali gasi, za okumba miyala ya ruby ku Montepuez omwe anathamangitsidwa mwankhanza, kapena za madandaulo a anthu a mtundu wa Mwani oti chuma chimawadutsa. Chiphunzitso choopsa chilipo, mgwirizano ndi ISIS ulipo, umphawi ndi kuponderezedwa ziliponso. Boma lililonse limakonda dzina lomwe limachotsa mlandu pakhomo pake. Anthu oposa 1 miliyoni athawapo m'makomo mwawo chiyambire nkhondoyi.

Kodi ku Malawi dzina lotere linayamba lavutitsapo anthu?

Inde. Mu Juni 2003 amuna asanu ochokera kunja, omwe ankagwira ntchito m'mabungwe ndi sukulu za Chisilamu, anagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti ankathandiza al-Qaeda. Bwalo lalikulu la milandu linaletsa kuwatulutsa m'dziko, koma anatulutsidwabe m'manja mwa akuluakulu a America. Ku Blantyre ndi ku Mangochi kunabuka zipolowe, ndipo ku Mangochi matchalitchi ena anaphwanyidwa, zomwe zinali kulakwa kwina pamwamba pa kulakwa koyamba. Patatha pafupifupi mwezi amunawo anamasulidwa ku Sudan popanda mlandu. Apo n'kuti pulezidenti wa dziko, Bakili Muluzi, ali Msilamu.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi anthu 14 mwa 100 alionse m'Malawi. Ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota mabanja ambiri ali ndi malume woswali ndi azakhali oimba kwaya, ndipo pamaliro amakumba manda limodzi. Mwambi uja woti nsomba ikaola imodzi zonse zaola ndi wa m'dengu la nsomba. Ukauika pa anthu, ndiye kuti wagwira ntchito ya ISIS yofafaniza malo a pakati.

Amagamula ndani kuti uyu ndi chigawenga?

Palibe bwalo limodzi. Bungwe la United Nations mpaka lero silinagwirizane pa tanthauzo limodzi la uchigawenga. Pangano la mayiko a mu Africa la ku Algiers, la 1999, linapatula nkhondo zomenyera ufulu kwa atsamunda kuti si uchigawenga, ndipo chifukwa chake tikuchidziwa: dzina la Nelson Mandela linachotsedwa pa mndandanda wa America wa oganiziridwa zauchigawenga mu 2008, patatha zaka 9 atapuma pa upulezidenti. N'chifukwa chake nyumba zofalitsa nkhani za Reuters ndi BBC zimapewa kutchula okha munthu kuti chigawenga. Zimafotokoza zomwe wachita, kapena kunena kuti boma lakuti lamutchula choncho. Mu Chichewa liwu lakuti chigawenga ndi lotambalala kwambiri, poti limagwira wakuba wa mfuti, wogalukira boma ndi wophulitsa bomba pamsika.

Ndiye mu Chichewa tizinena bwanji?

Maganizo anga ndi awa. Tchulani gulu ndi dzina lake: Boko Haram, al-Shabaab ya ku Somalia, al-Qaeda, gulu lodzitcha Islamic State. Nenani zomwe lachita, kwa ndani, kuti. Ngati chiphunzitso chawo chili mbali ya nkhaniyo, musachibise: nenani kuti gululi limati likumenyera boma loyendera malamulo a Chisilamu monga momwe ilo limawamasulira, ndipo ngati mashehe a m'deralo alitsutsa, nenaninso zimenezo, poti ndi mbali ya nkhani yomweyo. Ophedwa akakhala Asilamu, kapena chiwembu chikachitikira mu mzikiti, omvera ayenera kudziwa. Akakhala Akhristu omwe anasankhidwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo, monga zinachitikira pa sukulu ya ukachenjede ya Garissa ku Kenya mu Epulo 2015 pomwe anthu 148 anaphedwa, zimenezonso zinenedwe mosabisa.

Mawu omwe ndikupempha kuti tiwasiye ndi "zigawenga za Chisilamu". Kachilembo ka "za" mu Chichewa kamasonyeza mwini: mbuzi za amfumu, ndalama za boma. Akonzi a nyuzipepala adzati mutu wa nkhani umafuna mawu ochepa, ndipo ndi zoona, koma "Boko Haram yapha anthu pamsika" si mutu wautali kuposa winawo. Pa wailesi, nkhani ya Palma ija ikanatha kuwerengedwa kuti: "Gulu la zigawenga lomwe anthu a ku Cabo Delgado amalitchula al-Shabaab, lomwe limati lili pambuyo pa gulu lodzitcha Islamic State, laukira tauni ya Palma, komwe ambiri mwa okhalamo ndi Asilamu." Wowerenga nkhani akanangowonjezera mpweya umodzi kuti achimalize chiganizocho.